Kuyeserera za wachiwembu wamfuti pa yunivesite: mmene mungakonzere osavulaza anthu anu

Funso ili limandipeza kawirikawiri, makamaka kukangomveka kuti kwinakwake munthu walowa pasukulu n'kuwombera anthu. Ofunsa ndi abale athu amene apatsidwa udindo wa chitetezo m'mayunivesite ndi m'makoleji, ena kuno ku America kumene ndimagwira ntchito yokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ena ku Kenya ndi ku Joni, mwa apo ndi apo akumudzi. Mafunsidwe ake sasintha: "Akuluakulu akuti tichite zoyeserera mwezi wamawa, tiyambire pati?" Ndikafunsa zimene akuganiza kuchita, ndimamva za apolisi ovala zakuda, mfuti zolira, ophunzira opakidwa zofiira ngati magazi, ndi atolankhani oti adzajambule. Ndati ndilembe kamodzi, wofuna adziwerengere yekha.

Musanakhudze chilichonse, mvani kaye zimene zinachitika ku Strathmore University mu Nairobi pa 30 Novembala 2015. Panali patangopita miyezi pafupifupi 8 chichitikire chiwembu cha zigawenga za al-Shabaab ku Garissa University College, kumene anthu 148 anaphedwa pa 2 Epulo chaka chomwecho. Mitima ya ophunzira m'dziko lonselo inali idakali m'mwamba. Ku Strathmore anakonza zoyeserera, mfuti zinalira, koma anthu ambiri sankadziwa kuti n'zongoyeserera. Anathawa mmene munthu amathawira imfa, ena kudumphira pamawindo a nyumba zosanja. Mayi wina wogwira ntchito pasukulupo anamwalira, oposa 20 anavulala. Panalibe chigawenga tsiku limenelo.

Choncho mfundo yanga ndi imodzi, ndipo zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepa: woyesedwa ndi sukulu, osati ophunzira. Mukuyesa zitseko zanu, mauthenga anu, ndi akuluakulu anu ngati amatha kugamula zinthu msanga. Kuti mwana wa zaka 19 amachita mantha akamva mfuti, zimenezo mukuzidziwa kale.

1. Lembani mafunso awiri kapena atatu amene mukufuna ayankhidwe

"Tikufuna kuona ngati tili okonzeka" si funso. Funso ndi lotere: kuyambira pamene mlonda wamva kulira kwa mfuti, papita mphindi zingati kuti uthenga ufike pafoni ya wophunzira ali mu laibulale? Kodi mphunzitsi angathe kutseka kalasi yake ali mkati? Apolisi akunja akafika pageti, adziwa njira ya ku nyumba imene yatchulidwa popanda wowalondolera?

Nthawi ndiyo imavuta pankhaniyi. Ku yunivesite ya Virginia Tech kuno ku America, pa 16 Epulo 2007, anthu awiri oyamba anawombedwa mu hositelo cha m'ma 7:15 m'mawa. Imelo yochenjeza sukulu yonse inatuluka 9:26. Patangopita mphindi zochepa wachiwembuyo anayamba kuwombera m'nyumba ya makalasi yotchedwa Norris Hall, ndipo onse amene anawapha tsikulo anakwana 32. Bungwe la FBI litaunika zochitika 160 za pakati pa 2000 ndi 2013, linapeza kuti mwa zimene kutalika kwake kunadziwika, zambiri zinatha pasanapite mphindi 5, ndipo zochuluka ndithu zinatha apolisi asanafike. Ndiye kuti mphindi zimene zimapulumutsa anthu zili m'manja mwa mphunzitsi, mlonda ndi mayi wokolopa. Mafunso anu aloze kumeneko.

Musapitirire mafunso atatu. Mukafuna kuyesa zonse tsiku limodzi mudzatuluka ndi zithunzi zokongola basi.

2. Itanani anthu oyenera, ndipo musankhe awiri amphamvu

Apolisi a m'dera lanu, ozimitsa moto, a ambulansi ndi chipatala chapafupi, amenewo palibe amene amawaiwala. Amene amaiwalika ndi awa: mkulu wa okolopa ndi okonza zinthu, poti makiyi onse ali kwa iye; woyang'anira mahositelo; woimira anthu aulumali; opereka uphungu kwa ovutika maganizo; wofalitsa nkhani za sukulu; loya; ndi atsogoleri a ophunzira. Ngati alonda anu kapena ophika ku kafiteriya ndi a kampani yolembedwa ganyu, bwana wawo akhalepo, chifukwa anthu amenewa maina awo sapezeka pamndandanda wa maimelo a sukulu.

Pagulu limeneli sankhani munthu mmodzi wotsogolera zoyeserera zonse, ndi wina wosiyana naye woyang'anira kuti pasavulale munthu. Wachiwiriyu apatsidwe mphamvu, molembedwa, yoimitsa chilichonse nthawi ina iliyonse, ngakhale mkulu wa yunivesite ndi mkulu wa polisi atakhala kuti akusangalala nazo. Musasankhe munthu woopa mabwana.

3. Yendani nyumba zonse, makiyi ali m'manja

Izi zimafuna nsapato, osati kompyuta. Lowani kalasi iliyonse, tsekani chitseko, yesani kukhoma muli mkati. Mudzadabwa. Makalasi ambiri loko wake amakhomedwa ndi kiyi cha panja, kutanthauza kuti mphunzitsi ayenera kutuluka pakhonde, pamene pali wowomberayo, kuti atseke. Zitseko zina zimatsegukira kunja, ndiye kuunjika madesiki mkati sikuthandiza kwenikweni. Ndinaonapo holo yophunzirira ya mipando yokhomerera pansi, chitseko chake cha galasi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo khomo lakumbuyo, limene pamapu likuoneka ngati lothawira, atatsamiritsapo makabati akale a mafayilo.

Ku Michigan State University, kumene ophunzira 3 anaphedwa ndipo 5 anavulala pa 13 Febuluwale 2023, imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zimene sukuluyo inagwira pambuyo pake inali kuika maloko okhomera mkati pazitseko za makalasi. Ku Virginia Tech wachiwembu uja anamanga ndi matcheni zitseko zolowera mu Norris Hall, cha mkati, ndipo apolisi anachedwa nazo. M'chipinda china cha nyumbayo mphunzitsi wachikulire, Liviu Librescu, anagwira chitseko ndi thupi lake ophunzira akutulukira pawindo. Iye anaphedwa. Kwa inu akumudzi, ganizirani zitsulo zotchinga mawindo zimene tinaika poopa akuba, ndi mageti a mahositelo amene amakhomedwa ndi loko usiku, kiyi ali ndi mlonda mmodzi. Zinaikidwa pa chifukwa chomveka, koma muyenera kudziwa kuti anthu adzatulukira pati.

Onaninso kumene netiweki ya foni sigwira, ngati zipinda zapansi ndi malabu ena, ndiponso ngati manambala a zipinda amaoneka kwa mlendo. Wapolisi wochokera kunja sadziwa dzina lachibwana limene ophunzira anapatsa nyumba ina yake. Zimene mwapeza musaziike poyera. Mndandanda wa zitseko zosakhomeka ndi chuma kwa munthu woipa.

4. Phunzitsani kaye, kuyesa kubwere pambuyo

Munthu sapatsidwa mayeso pa zimene sanaphunzire. Kuno malangizo ofala ndi aja a mawu atatu, Run, Hide, Fight, amene anatchuka ndi kanema amene mzinda wa Houston unatulutsa mu 2012: thawa ngati njira ilipo, bisala ngati kuthawa sikutheka, limbana naye ngati palibenso china chotsala. Ku Texas State University kuli malo ophunzitsira apolisi otchedwa ALERRT, amene amaphunzitsa zofanana ndi mawu ena, Avoid, Deny, Defend. Ku Britain mawu achitatu amati Tell, kutanthauza kuimbira apolisi ukafika pabwino. Sankhani imodzi, sukulu yonse idziwe yomweyo.

Pophunzitsa tsindikani zinthu zimene anthu amalakwitsa. Wothawa asiye chikwama, ndipo asadikire mnzake amene akukayikakayika. Anthu asasonkhane pabwalo lija amasonkhana belu la moto likalira. Gulu la anthu pamalo oonekera ndilo wachiwembu akufuna. Wobisala akhome, azimitse magetsi, foni aithimitse kulira ndi kunjenjemera komwe, akhale pansi kutali ndi chitseko. Asatsegulire munthu chifukwa wangonena kuti ndi wapolisi.

Auzeninso mmene apolisi adzafikire, chifukwa zimenezi zimaopsa anthu. Chichitikireni chiwembu cha pasukulu ya sekondale ya Columbine mu 1999, apolisi kuno anasiya kuzungulira nyumba n'kumadikira gulu lapadera. Ofika oyamba amalowa n'kulunjika kumene kukulira mfuti. Adzadutsa ovulala osaima. Adzakalipa, mwina kukankha munthu kuti agone pansi. Manja akhale m'mwamba, zala zotambasula, opanda foni. Ndipo poti ovulala amadikira, phunzitsani alonda, aphunzitsi ndi ophunzira ofuna mmene amaletsera magazi: kupsinja bala mwamphamvu, kulitseka ndi nsalu, ndi kumanga lamba wothina chakumtunda kwa bala la pamkono kapena pamwendo. Maphunziro amenewa kuno amatchedwa Stop the Bleed, anayamba mu 2015, ndipo satenga nthawi yaitali. Munthu akhoza kufa ndi kutaya magazi m'mphindi zochepa, ambulansi ili pageti.

5. Yambirani patebulo

Boma la America lili ndi ndondomeko yokonzera zoyeserera yotchedwa HSEEP, yoyang'aniridwa ndi FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nzeru yake yaikulu ndi yoti muzikwera pang'onopang'ono: kukambirana kaye, kenako kuyesa kachinthu kamodzi, zazikulu zapabwalo pomaliza. Kukambiranako amakutcha tabletop. Anthu amakhala mozungulira tebulo, mapu a sukulu ali pakati, wotsogolera n'kumapereka timapepala tonena zimene zachitika, kamodzikamodzi.

Mwachitsanzo: "10:42, Lachiwiri. Wophunzira waimba foni kwa alonda, akuti wamva ngati mfuti ku nyumba ya sayansi, koma sakutsimikiza." Mufunse mlonda achita chiyani. Kenako: "10:44, mafoni ena awiri. Mkulu wa yunivesite ali m'ndege, womutsatira ali pamaliro, foni yathima." Apa tebulo limakhala zii, aliyense kuyang'ana mnzake. Funso limene latulukalo ndi lalikulu kuposa onse: ndani ali ndi chilolezo chotumiza uthenga wochenjeza sukulu yonse popanda kupempha kwa wina? M'masukulu ambiri yankho loona ndi loti palibe. Mlonda amaimbira bwana wake, bwanayo amaimbira rejisitala, rejisitala amafuna amve kwa mkulu, wofalitsa nkhani amafuna aone kalembedwe. Musachoke patebulopo musanalembe maina a anthu osachepera atatu pa nthawi iliyonse ya ntchito, usiku ndi Lamlungu lomwe, amene angatumize okha, ndi lonjezo lolembedwa loti sadzalangidwa ngati zitapezeka kuti linali tayala la galimoto laphulika.

Uthengawo ulembedweretu, ungosiyidwa malo a dzina la nyumba. Ukhale waufupi: chachitika n'chiyani, kuti, anthu achite chiyani.

Kwa sukulu zambiri, makamaka zopanda apolisi akeake, tebuloli ndi kuyenda kuja kwa makiyi n'zokwanira chaka choyamba. Sizifuna ndalama zoposa tiyi ndi mapepala.

6. Yesani kachinthu kamodzikamodzi

Tsiku lina yesani uthenga wokha. Lengezani kuti Lachitatu 11 koloko mutumiza uthenga woyesa, ndipo ikani anthu m'malo osiyanasiyana alembe mphindi imene wawafika. Mudzapeza manambala akale, zokuzira mawu zosamveka mu holo yamasewera, ndi ophunzira osamva amene palibe anawaganizira. Tsiku lina yesani kukhoma m'nyumba imodzi, kwa mphindi 10, popanda womenya zitseko kapena kukuwa pakhonde. Tsiku linanso yesani ngati mawailesi a m'manja a alonda anu amamvana ndi a apolisi; kawirikawiri samvana.

Mawu oti "ZOYESERERA" akhale koyambirira ndi kumapeto kwa uthenga uliwonse, wolembedwa ndi wolankhulidwa. Ndipo mawu oti "izi si zoyeserera" asatuluke pakamwa pa munthu aliyense, ngakhale pofuna kuti zimveke zenizeni. Ku Hawaii, pa 13 Januwale 2018, uthenga woyesa ogwira ntchito ku bungwe lochenjeza anthu za ngozi unali ndi mawu onse awiri. Mmodzi anakhulupirira kuti n'zoona, natumizira anthu a m'zilumba zonsezo chenjezo loti mzinga ukubwera. Panapita mphindi 38 kuti uthenga wotsutsa uwafike.

7. Mangani mpanda pakati pa zabodza ndi zenizeni

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mzere umodzi woti "dziwitsani anthu". Koma anthu amene anafa kapena kuvulala pa zoyeserera anagwera pomwepa. Mpandawu uli ndi mbali ziwiri: munthu aliyense asaganize kuti n'zenizeni, ndipo chenicheni chilichonse chisalowe mkati.

Tiyambe ndi kudziwitsa. Lamulo la kuno la Clery Act, mmene linasinthidwira mu 2008, limafuna kuti sukulu iyese ndondomeko yake ya zadzidzidzi kamodzi pachaka kapena kuposa, ndipo limalola kuyesa kolengeza ngakhale kosalengeza. Belu la moto mukhoza kuliza mosalengeza. Za mfuti ayi, zivute zitani. Adzabwera munthu, kawirikawiri wamkulu ndithu, n'kunena kuti mukawauza sadzachita ngati zenizeni. Muyankheni kuti zenizeni zimene akufunazo ndi anthu kudumpha pawindo, wodwala mtima kukomoka, ndi wina kutola mpando n'kuphwanya mutu wa woseweretsa mfuti yabodza, monga mmene munamuphunzitsira. M'madera ena a America lamulo limalola anthu kuyenda ndi mfuti pasukulu, ganizirani zimenezo.

Kutumiza imelo si kudziwitsa. Ku Elizabeth City State University, North Carolina, mu 2008, mauthenga anatumizidwa ndithu, koma wapolisi wa pasukulupo atalowa m'kalasi ndi mfuti yabodza, mphunzitsi ndi ophunzira ake sankadziwa kanthu. Anakhulupirira kuti akufa. Sukulu inapepesa. Choncho bwerezani mpaka anthu atope nanu: masabata awiri zisanachitike, sabata imodzi, dzulo lake, m'mawa wake, ndi mphindi 15 zisanayambe. Gwiritsani njira zonse, imelo, uthenga wa pafoni, magulu a WhatsApp a makalasi, zikwangwani pageti lililonse ndi pakhomo lililonse, aphunzitsi kulengeza pakamwa. Kenako khalani pansi mufunsane: ndani angapezeke pano tsikulo amene sanalandire chilichonse mwa izi? Wobweretsa buledi ku kafiteriya. Amisiri amene akukonza denga. Kholo lodzaona mwana. Wodzafunsira malo. Wokolopa amene anali patchuthi, kapena amene sawerenga Chingerezi bwinobwino. Ogulitsa malonda kunja kwa mpanda, sukulu ya mkaka yoyandikana nanu, tchalitchi kapena mzikiti wa tsidya la msewu. Amenewa amafuna munthu apite ndi miyendo akawauze m'chilankhulo chawo. Pageti pakhale munthu wouza aliyense wolowa, mmodzimmodzi.

Uzani olandira mafoni a ngozi, kuno ndi a 911, komanso apolisi a madera oyandikana, kuti asathamangire kuno ndi mfuti zodzaza wina akaimba. Agwirizane nanu mmene adzasiyanitsire foni ya munthu wongodzidzimuka ndi ya ngozi yeniyeni. Uzani mawailesi ndi manyuzipepala, chifukwa kanema wa masekondi 10 akalowa pa Facebook, mayi wa wophunzira ku Mchinji kapena ku Chipata amuona musanamalize.

Zoyeserera zazikulu zichitikire m'nyumba imodzi yopanda anthu ena, patchuthi kapena Loweruka, yozunguliridwa ndi chingwe. Oyang'anira ayendemo kaye chipinda ndi chipinda, zimbudzi ndi mosungira katundu momwe, kutsimikiza kuti mulibe wophunzira amene wagona pa mabuku kuyambira usiku. Olowa onse alembedwe, avale chizindikiro, ndipo akhale odzipereka okha. Aliyense akhale ndi ufulu wokana osafunsidwa chifukwa. Pakati pa ophunzira anu pali amene anathawa nkhondo ku Congo kapena ku Cabo Delgado, amene anaberedwa ndi mfuti pamphumi, amene anapulumuka chiwembu pasukulu ina ali ana. Simukuwadziwa, ndipo sakuyenera kudzifotokoza kwa inu.

Tsono mbali yachiwiri, zida. Mkati mwa chingwe musalowe chipolopolo chenicheni ngakhale chimodzi. Khomo lolowera likhale limodzi. Wapolisi aliyense asiye mfuti yake, zipolopolo, mpeni ndi utsi wokhetsa misozi m'galimoto yokhoma, asechedwe ndi anthu awiri motsatizana, kenako amangidwe kansalu kowala pamkono. Akatuluka, ngakhale kukangotenga madzi, asechedwenso pobwerera. Mkulu wa polisi asechedwenso chimodzimodzi. Ndi akuluakulu amene amakonda kudutsa osaima. Mu Ogasiti 2016 ku Punta Gorda, Florida, apolisi ankaonetsa anthu wamba mmene ntchito yawo imakhalira. Mayi wa zaka 73 anadzipereka kusewera nawo. Mfuti ya wapolisi imene inkayenera kukhala ndi zipolopolo zaphokoso chabe inali ndi zenizeni, ndipo mayiyo anafa anthu akuonerera. Gwiritsani mfuti za pulasitiki za mtundu wowala. Ine ngakhale zipolopolo zaphokoso sindizifuna pafupi ndi anthu wamba. Wezulo kapena kumenyanitsa matabwa awiri kumakwanira kusonyeza kumene wachiwembu ali. Ndipo musawombere munthu ndi kanthu kalikonse. Ku Indiana mu 2019 aphunzitsi a pulayimale anagwaditsidwa n'kuwombedwa ndi timipira ta pulasitiki mpaka ena kutuluka magazi, ati kuwaphunzitsa. Chimene anaphunzira sindichiona.

Popeza apolisi a mkati alibe zida, kunja kwa chingwe kukhale apolisi ena okhala ndi zida zawo, osachita nawo masewerawo, olondera zenizeni. Pakhalenso ambulansi yeniyeni imene si mbali ya sewero.

Pomaliza gwirizanani mawu oimitsira. Kuno timati real world emergency, kutanthauza ngozi yeniyeni. Aliyense, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba, akanena mawu amenewa, zonse zimaima pomwepo, mawuwo amabwerezedwa pa wailesi iliyonse, ndipo woyang'anira kuti pasavulale munthu uja yekha ndiye angalole kuyambiranso. Izi n'zofunika chifukwa oseweretsa kuvulala amakhala akubuula kale. Wina mphumu ikamugwiradi, anzake adzangoti akusewera bwino.

8. Lembani nkhani yake mosamala, ndipo musaithetse msanga

Wachiwembu wa m'sewero asakhale ndi chipembedzo, mtundu, dziko kapena chovala choloza gulu lina la anthu a pasukulu panu. Asafanane ndi wophunzira kapena wantchito amene anachotsedwa posachedwapa. Akhale munthu wopanda mbiri, ndipo amusewere wapolisi kapena mphunzitsi wa zachitetezo, osati wophunzira. Pewani nyengo ya mayeso, ndi masiku okumbukira chiwembu china.

Gawani maudindo ndi majekete a mitundu yosiyana: ochita, oyendetsa sewero, olemba zimene akuona, ndi oonerera. Olemba akhale ndi wotchi ndi mafunso anu atatu aja, asathandize aliyense ngakhale akuona kuti akusochera. Oonerera, makamaka mabwana, akhale malo amodzi.

Cholakwika chofala n'choti wachiwembu akangogwa pansi, anthu amaomba m'manja n'kupita kukadya. Pamenepo ndi pamene ntchito ya yunivesite ikuyamba. Ndani akulamula apolisi a magulu osiyanasiyana akadzaza? Ku Uvalde, Texas, pa 24 Meyi 2022, kunafika apolisi 376, koma panapita mphindi 77 asanalowe m'kalasi mmene munali wachiwembu; ana 19 ndi aphunzitsi awiri anafa. Kuchuluka kwa anthu ndi mfuti sikunalowe m'malo mwa munthu mmodzi wodziwika kuti ndiye akulamula. Yesani malo olamulirapo amodzi, pamene mkulu wa polisi, wa ozimitsa moto, wa ambulansi ndi woimira sukulu ali phewa ndi phewa. Yesani mmene azachipatala amalowera moperekezedwa ndi apolisi m'mbali za nyumba zimene wachiwembu wachokamo koma sizinatsimikizike kuti zili bwino. Onani ngati ambulansi ingadutse, poti magalimoto a polisi amakonda kutseka msewu. Ndani akutsegulira obisala, chipinda ndi chipinda, ndipo adzadziwa bwanji kuti ndi apolisi enieni? Woyenda pa njinga ya olumala amene ali pansanja yachitatu, chikepe chitazimitsidwa, atsika bwanji? Makolo akakhamukira pageti apita kuti, ndipo alankhule nawo ndani? Nanga wophunzira wakunja, amene abale ake ali kutsidya la nyanja ndipo kwawo ndi pakati pa usiku? Pa yunivesite kuwerenga anthu n'kovuta kuposa ku pulayimale, chifukwa palibe amene amadziwa amene analipo 10 koloko. Ola limodzi la zimenezi limaphunzitsa zambiri kuposa kuthamangitsana m'makonde.

9. Mukangomaliza, ndi masabata otsatira

Tumizani uthenga woti zatha, pa njira zonse zija. Werengani amene analowa ndi amene atuluka, manambala afanane. Kenako sonkhanani pomwepo anthu asanabalalike, thukuta lisanaume, mukambirane kwa theka la ola. Kuno amati hot wash. Yambani ndi ang'onoang'ono, mlonda, wolandira mafoni, wophunzira, chifukwa bwana akayamba kunena kuti zayenda bwino palibenso adzatsutse. Opereka uphungu akhale pambali, ndipo nambala yawo iperekedwe kwa onse, poti ena zimawabwerera usiku.

Pasanathe mwezi lembani lipoti. Lisakhale loyamikira. Vuto lililonse likhale ndi zinthu zinayi pambali pake: chochita, dzina la munthu wochita, tsiku lomalizira, ndi kumene ndalama zichokere. "Kulumikizana kuwongoleredwe" si chochita. "Maloko 14 a nyumba ya sayansi asinthidwe pofika 30 Juni, woyang'anira ndi mkulu wa zomangamanga" ndiye chochita. Amene muli ku America, Clery Act imafunanso kuti musunge umboni wa mayeso aliwonse: zimene zinachitika, tsiku, nthawi, ndi ngati zinalengezedwa kapena ayi. Lipoti lathunthu likhale la anthu ochepa; kwa ophunzira ndi antchito tulutsani mwachidule zimene mwapeza ndi zimene musinthe, osatchula zitseko ndi makamera osagwira.

Pakatha miyezi 6 tengani lipotilo, makiyi m'manja, mubwerere m'nyumba zija mukaone ngati malokowo anasinthidwadi. Ngati sanasinthidwe, musakonze zoyeserera zina zazikulu chaka chimenecho. Ndalama zake zigule maloko. Ndipo poti chaka chilichonse kumabwera ophunzira atsopano ndipo alonda amasinthasintha, maphunziro a pa nambala 4 ndi kuyesa uthenga kwa pa nambala 6 muziike pa kalendala ya sabata zoyambirira za chaka chilichonse cha maphunziro.